Sindine Dokotala

Matumba khumi ndi anayi a mbatatesi
anakwera lole pa Ulongwe kusanache,
ine ndinatsatira pambuyo, pa chapa,
nditapanira chikwatu cha mapepala m'mawondo.
Mlongo wanga Jerevaziyo anati,
"Chaka chino feteleza tigula theka.
Theka linalo wanyamula ndiwe."

Ku Tete n'kung'anjo.
Ife a kumapiri, ozolowera nkhungu ndi juzi,
tinkagona pa simenti titanyowetsa zitenje,
Zambezi akudutsa phee kunsi kwa mlatho
ngati sakudziwa kuti mawa kuli mayeso.

Ndinaloweza thupi la munthu m'Chipwitikizi.
Chiwindi, kapamba, ndulu, impso,
zonse ndinazibatiza mayina achilendo.
Mafupa ndinkawawerengera pa thupi langa lomwe,
ndipo chaka chachiwiri sankavuta kuwapeza.
Jakisoni woyamba ndinabaya lalanje.
Wachiwiri ndinabaya mnzanga Anastansiya,
amene mpaka lero sanandikhululukire.
Mayeso a mankhwala ndinagwa kamodzi.
Kumudzi sadziwa. Musakawauze.

Tsopano ndili kuseri kwa Furankungo,
zipinda zitatu, khonde, furiji ya sola.
Dokotala weniweni amabwera Lachinayi
mtsinje ukalola.
Masiku enawo ndi ine ndi namwino Filomena
ndi mzere umene umayamba tambala asanalire.

M'buku, matenda amabwera atafola bwino.
Kuno mayi amangoti, "M'mimba mukuyenda chinthu."
Bambo amati, "Mtima ukundithawa."
Tsamba limenelo aphunzitsi sanatipatse,
ndikulilemba ndekha, ndi makutu.

Lolemba usiku, a Kandiyado anafika pa njinga
mwana atam'manga kumsana ndi lamba wa thalauza.
Thupi moto. Maso atatembenuka.
Timizere tiwiri tinatuluka msanga, malungo.
Filomena anali kwa mayi wobereka, chipinda chinacho.
Ndinaluma foni kuti indiunikire,
ndikusaka mtsempha pa kadzanja kofewa ngati mpiru wofota.
Koyamba ndinaphonya.
Kachiwiri ndinaphonya.
Bamboyo sanayankhule, ankangoyang'ana zala zanga,
ndipo ndinakumbukira lalanje lija, kuti silinkalira,
linalibenso bambo wake.
Kachitatu kadontho kofiira kanabwerera mu singano.

Ndinawerengera mlingo kuseri kwa katoni, kawiri,
kenako n'kukwera pa chulu cha kuseri kwa chimbudzi
pomwe foni imagwira,
kudzutsa dokotala kuti amve masamu anga.
Anati, "Uli bwino. Pitiriza." N'kudula.

Musaganize kuti onse amadzuka.
Mwezi watha ndinalemba kalata yotumiza mtsikana ku Tete
poti mpeni si gawo langa,
ndipo kudziwa pomwe manja ako athera
ndi phunziro lomwe linandiwawa kuposa onse.
Ambulansi inafika mawa lake.
Dzina lake ndimalidumpha ndikamatsegula kaundula.

Koma uyu, dzuwa likuswa pa phiri,
anatsegula maso n'kukankha dzanja langa,
nati akufuna nsapato zake.
Analibe nsapato. Tinaseka mpaka misozi.

"Zikomo adokotala," anatero a Kandiyado.
Ndinayamba monga ndimayambira tsiku lililonse:
"Sindine dokotala, bambo, ndine tekiniko,
wothandizira chabe, amene uja wa Lachinayi ndiye..."
Ndinapeza agona kale pa benchi,
thalauza ataligwira ndi dzanja limodzi.

Jerevaziyo, malipiro sanatulukebe,
akuti dzina langa likadali m'makompyuta ku boma.
Mvula ikayamba ndisanatumize kanthu
dzala ndithu, usandidikire.
Theka lako lija lilipo.
Lero lapempha nsapato.